Kachere wa mamita 4 angasanduke bonsai, koma yambani ndi mizu

Achemwali a ku Matawale, mwafunsa za kachere amene wamera pafupi ndi khoma, wotalika mamita 4, thunthu lake lonenepa masentimita 12, ndipo eni nyumba akuti achoke chifukwa mizu yayamba kung'amba khonde. Mukufuna kudziwa ngati mungamudule n'kumuika mu mphika kuti akhale bonsai, kamtengo kosungidwa kakang'ono mu mphika koma kooneka ngati mtengo waukulu. Zitheka ndithu. Koma amene akuuzani kuti mudule, muzule, muike mu mphika wosaya tsiku lomwelo, musawamvere. Mtengo wamsinkhu umenewo umatenga zaka zitatu mpaka zisanu kuti uoneke bwino, ndipo ntchito yaikulu ya chaka choyamba ili pansi, ku mizu.

Mwayi wanu ndi woti ndi kachere. Ali ndi maso ogona pansi pa khungwa, choncho ngakhale mutamusiya chitsa chopanda tsamba amaphukanso. Mkuyu, bogenivilia ndi mabulosi nawonso amapirira kudulidwa kotere. Paini sapirira. Mukamudula pansi pa pomwe pali masamba obiriwira ndiye kuti mwamupha, saphukira pa thunthu lakale. Mango amaphuka, koma masamba ake safuna kuchepa. Mitengo ya mombo ili ndi muzu umodzi wautali wolowa pansi kwambiri ndipo yambiri imafa ikazulidwa. Kwa ena amene mukuwerenga n'kumaganiza zokakumba zitsa kuphiri: nkhalango ya Zomba ndi Malosa ndi yotetezedwa, ndipo lamulo la nkhalango la 1997 sililola kudula kapena kuzula mtengo m'menemo popanda chilolezo.

Musanagwire sowo, fukulani dothi ndi manja kuzungulira tsinde mpaka muone pomwe mizu ikuluikulu ikuyambira. Nthawi zambiri imakhala itakwiririka masentimita 5 mpaka 10. Mbali imene mizu yatambalala bwino ndipo thunthu lilibe chipsera chachikulu, ndiyo idzakhale kumaso kwa mtengo. Ikanipo chizindikiro cha choko. Kudula konse kumene kukubwera kutsatira chizindikiro chimenechi, mabala aakulu azikhala kumbuyo.

Nthawi yodula ndi kumapeto kwa Seputembala mpaka Okutobala, pamene mombo wa m'mbali mwa phiri watulutsa masamba ofiira. Kachere amapola msanga kukatentha. Meyi, Juni ndi Julayi, nthawi ya chiperoni, mtengo umakhala utaima, bala limakhalitsa osatseka ndipo limayamba kuwola.

Dulani thunthu pa masentimita 60 kuchokera pansi, modula chopingasa, ndi sowo yakuthwa. Chikwanje chimang'amba khungwa, ndipo pong'ambikapo pamauma kutsika pansi. Dulani kawiri: poyamba chotsani mutu wonse pa mita imodzi kuti kulemera kwake kusasadzule thunthu, kenako mudule bwinobwino pa 60 paja. Utomoni woyera utuluka wambiri. Usakulowereni m'maso. Thirani madzi pabalapo uleka wokha, ndipo pakauma pakanipo guluu wa matabwa kapena phula la kandulo. Oilo wakuda wa galimoto amene ena amapaka amatentha kachigawo kobiriwira ka pansi pa khungwa, komwe ndi kamene kamatseka bala.

Mutu mwadulawo musataye. Dulani zidutswa zonenepa masentimita 5 mpaka 8, zotalika masentimita 30 mpaka 40, zisiyeni pamthunzi tsiku limodzi utomoni uume, kenako muzizike mu mchenga wokhakhala, gawo limodzi mwa magawo atatu lilowe pansi. Zambiri zimagwira. Chitsa chachikulu chikakanika mudzakhalabe ndi poyambira.

Tsopano mizu. Yezani masentimita 30 mpaka 35 kuchokera pa thunthu, kumbani ngalande yozungulira yakuya masentimita 35. Muzu uliwonse wonenepa umene mwakumana nawo muudule ndi sowo, osati ndi khasu, chifukwa muzu wophwanyika umawola pomwe wodulidwa bwino umatulutsa timizu tating'ono m'mbali mwa bala. Wopita pansi penipeni usiyeni kaye, ndiwo uzimwetsa mtengo. Kwirirani ngalandeyo ndi mchenga wokhakhala wosakaniza ndi manyowa owola, ndipo muzithirira kawiri pa sabata mpaka mvula itakhazikika. Chimene tikufuna apa ndi timizu ta ngati ulusi pafupi ndi tsinde. Mtengo umamwa ndi timizu timeneti, ndipo pa mtengo waukulu timakhala kutali, mamita angapo kuchokera pa thunthu. Mukazula lero n'kuika mu mphika, mwatenga thunthu n'kusiya pakamwa pake m'dothi. Pakatha masabata 10 mpaka 12, cha mu Januwale, ngalande ija imakhala itadzaza timizu. Apa eni nyumba angathenso kukhala mtima m'malo, popeza mizu imene imapita ku khonde yadulidwa kale.

Ngati akana kudikira, kachere angapulumukebe mutazula tsiku lomwelo, koma sungani kamuzu kalikonse kakang'ono kamene mwapeza, ndipo thunthu mulivundikire ndi pulasitiki yoonekera mkati, pamthunzi, kuti lisaume mpaka litaphuka. Mtengo wina wosakhala wa mtundu wa kachere sitingakulangizeni kutero.

Pozula, kumbani kunja kwa ngalande ija, pendeketsani chitsa, mudule muzu wapansi uja chopingasa kuti mtengo uzitha kukhala pansi wokha. Gwedezani dothi lakale ndi kamtengo, koma musatsuke lonse nthawi yoyambayi. Mphika wokongola wa bonsai uiwaleni kaye. Khomani bokosi la matabwa lotakata loti mizu yonse ikwanemo, kapena tengani beseni lalikulu. Boolani pansi mabowo osachepera khumi a sentimita imodzi, muyale kachidutswa ka neti. Pisani waya m'mabowo awiri mumange mtengo kuti usagwedezeke. Ambiri amadumpha zimenezi, ndipo mphepo ikawomba chitsa chimayenda pang'ono, timizu tatsopano n'kuduka mwini wake osaona.

Dothi ndi pomwe mitengo yambiri imafera kuno ku Zomba, chifukwa mvula ya Januwale ndi Febuluwale imatha kugwa masiku otsatizana. Dothi lakuda la kudambo kapena la pachulu likakhala mu bokosi limasanduka thope, mpweya sufika ku mizu, mizu n'kuwola. Chizindikiro chake chimasocheretsa: masamba amafota ngati akusowa madzi, munthu n'kuwonjezera kuthirira. Sakanizani magawo awiri a njerwa zootcha zophwanyaphwanya, gawo limodzi la mchenga wokhakhala wa mumtsinje, ndi gawo limodzi la makungwa a paini owola, amene amapezeka kumene amacheka matabwa. Tizidutswa tikhale ta mamilimita 3 mpaka 6. Sefani fumbi lonse lichoke, chifukwa fumbilo ndi limene limatseka mabowo. Makala ophwanya odzaza manja awiri amathandiza. Mukathira madzi azituluka pansi nthawi yomweyo. Akaima pamwamba, sefaninso.

Bokosi likhale pa njerwa, lisagunde pansi. Chiswe chingalowe, komanso kachere amatulutsa mizu m'mabowo n'kukazika m'dothi, mukadzanyamula mupeza wamera. Masabata atatu kapena anayi akhale pamthunzi, pansi pa denga la khonde pomwe mvula siyowirira, kenako mumutulutse pang'onopang'ono mpaka azikhala padzuwa. Feteleza ayi kwa masabata 6. Mbuzi zimakonda masamba a kachere, ikani mpanda.

Kudulira nthambi ndi pomwe anthu amapupuluma. Mphukira zituluka zambiri thunthu lonse. Zisiyeni zonse miyezi iwiri kapena itatu, ndizo zikupanga chakudya chomangira mizu. Kenako patulirani. Pomwe zatuluka zinayi kapena zisanu pamalo amodzi siyani imodzi, chifukwa zikakulira pamodzi pamatupa, thunthu n'kukhala lonenepa pamwamba kuposa pansi, ndipo vuto limeneli silikonzeka msanga.

Mulingo umene ambiri amatsata ndi woti kutalika kwa mtengo kukhale pafupifupi kasanu ndi kamodzi kunenepa kwa thunthu. Wanu wa masentimita 12 udzathera pa masentimita 70 kapena kucheperapo. Ndiye pa 60 paja sipothera, tinangosiya malo oti mphukira zituluke musankhe. Mu Okutobala wotsatira, funani mphukira yamphamvu imene ili pakati pa masentimita 25 ndi 30 kuchokera pansi, cha kumaso. Imeneyo ndiyo ipitirize thunthu. Dulani pamwamba pake mopendekeka kutsikira kumbuyo, kuti madzi asamaime pabala ndiponso lisaoneke kumaso. Sembani pakati pa bala ndi tchizulo palowe pang'ono, m'mphepete mumete ndi mpeni wakuthwa, mupake guluu. Thabwa la kachere ndi lofewa, bala la masentimita 12 likasiyidwa lathyathyathya limawola pakati lisanatseke. Chaka chilichonse kukayamba kutentha, palani pang'ono m'mphepete mwa mnofu watsopano umene ukukwera pabalapo, umafulumira kutseka.

Mphukira mwasankhayo musaidule nsonga. Ilekeni ikule, kaya ifike mamita awiri, mpaka itanenepa kufika theka la thunthu lapansi kapena kuposerapo pang'ono. Ioneka yonyansa ndipo alendo azifunsa ngati bonsai yake ndi imeneyi. Ikafika pamenepo iduleni musiye masentimita 15, musankhenso mphukira ina, ikule, mudule musiye masentimita 8 mpaka 10. Chigawo chilichonse chizikhala chachifupi ndi chowonda kuposa cha pansi pake. Amene amadula nsonga msanga amakhala ndi chitsa chonenepa chokhala ndi kamtengo kowonda pamwamba, ndipo chimakhala choncho mpaka kalekale.

Pa za maonekedwe, zithunzi zambiri za pa intaneti ndi za paini wa ku Japan, wosongoka pamwamba. Kachere sakula choncho, ndipo kumukakamiza n'kumuwononga. Tengerani chitsanzo pa kachere wa pabwalo la mfumu: thunthu lalifupi, nthambi zitatu kapena zinayi zazikulu zokwera n'kutambalala, pamwamba pozungulira, m'lifupi kuposa msinkhu. Mukapita ku Botanic Garden, m'mbali mwa Mulunguzi, imani pansi pa mitengo ikuluikulu muone momwe nthambi zimagawikira, imodzi kukhala ziwiri, ziwiri kukhala zinayi. Nthambi yoyamba ikhale pa gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu, yachiwiri mbali inayo pamwamba pang'ono, yachitatu kumbuyo. Ziwiri zoyang'anana pamulingo umodzi, chotsani imodzi. Zapansi zilekeni zitalike kuti zinenepe, zapamwamba muzizidula kawirikawiri, chifukwa mphamvu ya mtengo imathamangira kumwamba ndipo mukalekerera zapansi zimafooka.

Poweramitsa nthambi, waya wa aluminiyamu ndi amene savuta, wonenepa gawo limodzi mwa atatu a nthambi, wokulunga mopendekeka osati mothinana. Wa kopa wochokera kwa okonza mamota amagwiranso ntchito mukamuotcha pamoto afewe. Nthawi ya mvula kachere amanenepa msanga ndipo waya amalowa m'khungwa pa masabata 4 mpaka 6, choncho muziyang'ana sabata iliyonse. Pochotsa muzimudula tizidutswa, kumasula kumathyola nthambi. Nthambi yonenepa kuposa chala chachikulu waya saiweramitsa. Imangeni ndi chingwe kukokera ku msomali wa pa bokosi, muikepo mphira wa chubu cha njinga pomwe chingwe chakhudza khungwa, muzikoka pang'ono milungu iwiri iliyonse.

Masamba kuti achepe musadandaule nazo zaka ziwiri zoyamba. Nthambi zikuluzikulu zikakhazikika, kanthambi kakatulutsa masamba 6 mpaka 8 kaduleni musiye awiri. Kuyambira chaka chachitatu, mtengo ukakhala wamphamvu, mungathe kudula masamba onse kamodzi pachaka mu Novembala kapena Disembala, kusiya timapesi take, ndipo atsopano amatuluka ang'onoang'ono. Wofooka kapena woti mwangoudula mizu musauchite zimenezi. Dzuwa lokwanira limachepetsa masamba kuposa sizasi. Mtengo wosungidwa pabalaza umatulutsa masamba aakulu, otalikirana, kenako n'kuyamba kuyoyola.

Pa chakudya, manyowa a nkhuku owola bwino odzaza dzanja limodzi mwezi uliwonse, kuyambira Okutobala mpaka Epulo, akwanira. Mukafuna feteleza wogula, sipuni yaing'ono imodzi ya NPK m'mphepete mwa bokosi, kutali ndi thunthu. Urea amakulitsa masamba ndipo akachuluka amatentha mizu. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika, yang'anani kunsi kwa masamba, mupeza nsabwe kapena kodikodi. Tsukani ndi madzi a sopo wochepa madzulo, mubwereze pakatha sabata.

Mphika weniweni ubwere chaka chachitatu kapena chachinayi, mu Okutobala kapena Novembala. Kutalika kwake kukhale magawo awiri mwa atatu a msinkhu wa mtengo, kwa inu masentimita 45 mpaka 50, kuya masentimita 12 mpaka 15. Mungaumbe wa simenti mu chikombole cha matabwa, kapena kupempha oumba mbiya akuumbireni wosaya wokhala ndi mabowo anayi ndi timiyendo. Posamutsa dulani mizu yoloza pansi, musiye yotambalala m'mbali, ndipo musachotse kupitirira gawo limodzi mwa atatu. Muzibwereza zaka ziwiri zilizonse. Mu mphika wosaya chotere, dothi la njerwa limauma tsiku lomwelo kukatentha, ndiye mu Okutobala muzithirira m'mawa ndi madzulo, pomwe mu Juni muziyamba mwapisa chala, ngati mkati muli chinyezi mudikire mawa.