Chifukwa chake mayina a malo ku Hokkaido sakumasulirika pa foni

Mwafunsa kuti bwanji mukamasulira pa foni mayina a malo a ku Hokkaido, monga Sapporo, pakutuluka zopanda mutu. Foni yanu ilibe vuto ayi. Mayina ambiri kumeneko si a Chijapani, anachokera ku chilankhulo cha a Ainu, eni nthaka a chilumbachi.

Hokkaido ndi chilumba chachiwiri kukula ku Japan, chili kumpoto kwenikweni, ndipo ndi chachikulu masikweya kilomita pafupifupi 78,000. Kummwera kwake kuli nyanja yopapatiza ya Tsugaru imene imachilekanitsa ndi Honshu, ndipo pansi pa nyanjayo pamadutsa sitima ya pamtunda mumsewu wapansi wa Seikan, wotalika makilomita 53.85, umene unatsegulidwa mu 1988. Kumpoto kuli Sakhalin, chilumba cha Russia.

Kale Ajapani ankachitcha Ezo. Mu 1869 boma la Japan la nthawi ya mfumu Meiji linafuna dzina latsopano, ndipo Matsuura Takeshiro, yemwe anali atayenda kwambiri pakati pa a Ainu, anapereka mayina 6. Limodzi linali Hokkaido, ndipo iye anati "kai" ndi mmene a Ainu amatchulira munthu wobadwira m'dzikolo. Boma linatenga dzinalo koma linasintha zilembo, "kai" n'kukhala nyanja, kuti ligwirizane ndi mayina a zigawo zakale monga Tokaido, momwe "kai" ndi nyanja. N'chifukwa chake lero limatanthauza "chigawo cha nyanja ya kumpoto".

Tsopano apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Polemba mayina a Chiainu, Ajapani ankasankha zilembo za kanji, zomwe chilichonse chili ndi tanthauzo lake, potengera kamvekedwe basi, tanthauzo osaliganizira. Zilembo za Sapporo zimati "chikwangwani" ndi "denga la ngolo", pomwe ambiri amavomereza kuti dzinalo linachokera ku "sat poro pet", mtsinje waukulu wouma. Ndiye musayambe ndi kanji, yambani ndi kumapeto kwa dzina. Likathera ndi "betsu", limenelo ndi "pet", mtsinje: Noboribetsu ndi mtsinje wa madzi oderako. Likathera ndi "nai", ndi "nay", kamtsinje: Wakkanai anachokera ku "yam wakka nay", kamtsinje ka madzi ozizira.

Koma samalani, si onse a Chiainu. Shintotsukawa, kutanthauza Totsukawa watsopano, anatchulidwa ndi anthu ochokera ku Totsukawa m'chigawo cha Nara, amene anasamuka mudzi wawo utakokoloka ndi madzi mu 1889. Kitahiroshima, kutanthauza Hiroshima wakumpoto, naye anayambitsidwa ndi obwera kuchokera ku Hiroshima. Amenewa foni ikumasulirani bwinobwino.