Makina amagetsi ofululira mowa kunyumba: yambani mwaona soketi yanu

Funso: Ndikufuna kuyamba kufulula mowa wa balere kunyumba. Ndaona makina amagetsi omwe akuti amachita zonse mumphika umodzi. Amachitadi zonse?

Yankho: Si zonse ayi. Makinawa ndi mphika wachitsulo chosachita dzimbiri wokhala ndi elementi pansi, dengu lachitsulo lothiramo chimera, kapampu kozungulitsa madzi, ndi kachipangizo koyang'anira kutentha. Amaviika chimera m'madzi a madigiri 65 mpaka 68 kwa ola limodzi kuti ufa wam'chimera usanduke shuga, kenako amawiritsa madzi otsekemerawo pamodzi ndi hopu, maluwa omwe amapatsa mowa kuwawa ndi fungo lake. Ntchito yawo yathera pomwepo. Kuti mowa usase pafunika chidebe china chotseka bwino, yisiti, ndi malo omwe kutentha kumakhala pa madigiri 18 mpaka 20 kwa milungu iwiri. Mbali imeneyi muisiyirenso ndalama.

Funso: Nditenge aakulu bwanji? Ndikuona Grainfather G30, BrewZilla ya malita 35 ndi ya 65, komanso Braumeister ya malita 20.

Yankho: Manambalawa satanthauza chinthu chimodzi. Pa Grainfather ndi BrewZilla nambala ndi kukula kwa mphika, ndipo mowa womwe mungapeze pa malita 30 kapena 35 ndi malita 20 mpaka 23. Pa Braumeister, yopangidwa ndi Speidel ku Germany, nambala ndi mowa weniweniwo. Madzi ena amapita kuti? Kilogalamu iliyonse ya chimera imamwa pafupifupi lita imodzi, kuwiritsa kwa ola limodzi kumauluza malita 2 mpaka 4, ndipo pamwamba muyenera kusiya malo a thovu.

Ganiziraninso msana wanu. Chimera cha makilogalamu 5 chikanyowa chimaposa makilogalamu 10, ndipo denguli mumalinyamula likuchucha madzi otentha. Pa makina a malita 65 kulemerako kumawirikiza kawiri, moti pafunika chingwe chokokera chomangidwa kudenga kapena munthu wachiwiri. Woyamba kumene atenge a malita 30 kapena 35.

Funso: Nanga soketi wamba ya m'nyumba ingakwanitse?

Yankho: Funso limeneli ndiye lofunika kuposa onse, ndipo muliyankhe musanalipire. Gawani mawati ndi mavoti kuti mupeze maampu. Makina a mawati 2400 pa mavoti 230 amakoka maampu opitirira pang'ono 10, osalekeza, kwa ola lathunthu kapena kuposerapo. Ketulo imakoka mphamvu yofanana nayo koma kwa mphindi zitatu zokha, n'chifukwa chake soketi yotha ntchito imapirira ketulo koma imasungunuka ndi makinawa. Mukawiritsa kwa mphindi 20, khudzani pulagi. Kufunda pang'ono n'kwabwinobwino. Ikaotcha chala kapena kununkha pulasitiki, zimitsani, soketiyo isinthidwe.

Pa buleka imodzimodziyo pasakhale sitovu kapena gizala. Nthambo yowonjezera ndi bwino kuipewa, koma ngati palibe kuchitira mwina ikhale yaifupi, ya waya wa 2.5 mm², ndipo muitambasule yonse chifukwa yokulungidwa imatentha. Pakhalenso buleka yoteteza munthu ya 30 mA ndi waya wa pansi wolumikizidwa bwino. Apa pali madzi, chitsulo ndi manja onyowa, choncho musachite zachidule.

Mawati ndi amene amanena kutalika kwa tsiku lanu. Mawati 2000 amakweza malita 28 ndi digiri imodzi pa mphindi, ndiye kuchoka pa madigiri 70 kufika powira ndi theka la ola. Kumayiko a mavoti 120 soketi wamba imalola makina a mawati pafupifupi 1500, ndipo ulendo womwewo umatenga mphindi 40 kapena kuposa. Makina opangidwira mavoti 120 musawalumikize ku 230. A malita 65 amakoka mawati oposa 3000, kotero amafuna mzere wamagetsi wawowawo woikidwa ndi wazamagetsi.

Funso: Pampu ikugwira ntchito koma madzi akungodzaza pamwamba pa chimera, ndipo makina azima okha. Chavuta n'chiyani?

Yankho: Madzi akukanika kudutsa m'chimera. Pampu ikukoka pansi mofulumira kuposa mmene madzi akutsikira, pansi pamauma, shuga amapserera pa elementi, ndiye chitetezo cha makina chimadula magetsi. Kawirikawiri chimera chimakhala kuti chaperedwa kwambiri. Njere iyenera kungosweka, khungu lake litsale lathunthu, chifukwa makunguwo ndi amene amasefa. Pa chigayo cha ma rola siyani mpata wa mamilimita 1.2 mpaka 1.4. Mukathira chimera takasani, dikirani mphindi 10, kenako yatsani pampu mpopi wa paipi yake uli wotsegula pang'ono chabe. Ngati mwasakaniza tirigu wambiri, onjezani mankhusu a mpunga manja awiri kapena atatu. Pogula, onetsetsani kuti paipi ya pampu ili ndi mpopi wochepetsera madzi ndiponso kuti pampuyo imamasuka kuti muitsuke.

Funso: Oyendetsedwa ndi foni ndi ofunika?

Yankho: Amathandiza kukumbutsa nthawi yothira hopu ndi kusintha kutentha kuchokera pa foni, koma si ofunika kwenikweni. Chofunika kwambiri n'choti muzitha kuchepetsa mphamvu ya elementi poviika, komanso kuti zida zosinthira monga pampu ndi malabala zizipezeka.

Funso: Choziziritsira madzi a chimera akatha kuwira ndigule chotani?

Yankho: Chosavuta ndi paipi yopindapinda yomiza mumphika. Imizeni kutatsala mphindi 15 kuti kuwira kuthe, kutenthako kuphe tizilombo. China chimadutsitsa madzi a chimera ndi madzi ozizira m'mapaipi awiri oyenda mosemphana. Chimafulumira, koma mkati mwake simuonamo, ndiye chitsukidwe tsiku lomwelo. Chilichonse mwa ziwirizi sichingatsitse kutentha kuposa madzi anu apampopi. Ngati iwowo ali pa madigiri 25, malizitsani kuziziritsa m'chidebe musanathire yisiti.

Powiritsa musavundikire mphika, chifukwa nthunzi imachotsa fungo longa la chimanga chophika lomwe likanatsalira mumowa. Mukamaliza, zungulitsani madzi a madigiri 55 okhala ndi mankhwala otsukira monga PBW kwa mphindi 15, mutsukuluze ndi madzi oyera. Jiki ndi waya wokwechera mapoto musagwiritse ntchito: zimawononga chitsulocho mpaka chimayamba dzimbiri.