Za 360,360 Ija, Asuweni

Eee, asuweni, mwadzuka? Pepani phokosoli, ndili pa depoti. Ndaona funso lanu pa gulupu paja, loti mwana wapatsidwa 360,360 kusukulu, anene ngati ili prime number komanso manambala amene angaigawe. Koma inuyo kufunsa masamu 11 koloko usiku? Inu amene munkadwala mutu tsiku lililonse la mayeso? Iyayi, pali china apa.

Chabwino, poyamba yankho. Si prime. Prime imagawika ndi 1 komanso iyo yomwe basi, ngati 7 kaya 13. Iyi yathera 0, ndiye 2, 5 ndi 10 alowamo kale. Mukaphatikiza 3, 6, 3 ndi 6 mupeza 18, yomwe imagawika ndi 9, ndiye 9 naye alowa. Ndipotu kuyambira 1 mpaka 16... ayi ndalakwitsa, mpaka 15, onsewo amaigawa popanda chotsala, ndipo palibe nambala yocheperapo imene imatero.

Koma nditangoiona ndinakumbuka amalume a ku Chinamwali. Mukukumbuka nthawi ija ankapikula matemba ku Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, n'kumagulitsa mumsika wa Zomba?  Eya. Madzulo ankatikhazika pakhonde, manja akununkha nsomba, n'kung'amba pepala la thumba la simenti. Amvekere, sankha nambala ya manambala atatu, usandiuze, uilembe kawiri. Ine ndinalemba 245245 ndi khala. Gawa ndi 7. Ndinatuluka thukuta, ndinapeza 35035. Gawa ndi 11. 3185. Gawanso ndi 13. Asuweni, 245 yanga ija inabwerera! Ndinathamangira kwa agogo kukanena kuti amalume ali ndi mankhwala. Iwo akungoseka, akukoka fodya wawo. Amalumewo, munthu wosafika ngakhale Sitandade 6! Anadzandiululira patapita sabata yathunthu, nditawatungira madzi masiku onsewo: 7 kuchulukitsa ndi 11 ndi 13 ndi 1001, ndipo nambala ya manambala atatu ukaichulukitsa ndi 1001 imangodzilemba kawiri. Ndiye yanuyi ndi 360 kuchulukitsa ndi 1001, mwaona?

Mmm... tsono tamverani. Mnyamatayo si mbuli. Ndikudziwa ndi chimene chakusowetsani tulo, si 360,360 ayi. Mwaona malikisi a teremu yatha mtima n'kugwa, mukuopa kuti JCE imuvuta. Pa maliro paja ndinamuona akuwerengera mbale za anthu mofulumira kuposa akuluakulu, wangosowa womukhalira pansi.

Mumutumize kuno ku Matawale akatsekera, ndikhale naye masabata awiri. Za ufa musadandaule. Si mbuli mwanayo, mwamva? Atenge kope lake lomwelo, ngakhale ndi lodzaza ndi inki yofiira, musamukalipire. Basi, minibasi yanga yadzaza... akangotsekera mumukweze, ndikamudikira pompano pa depoti.