Yankho kwa amayi amene afunsa za mbuzi m'malo mwa feteleza

Mayi, mwafunsa ngati pali chinyengo poti mayi anu ku Ngabu analembedwa pa mndandanda wa zipangizo zaulimi zotsika mtengo koma anapatsidwa mbuzi, pomwe achibale anu a ku Thyolo anagula feteleza, ndiponso mwafunsa komwe ndalama za mayi anuwo zinapita. Ndiyankha monga munthu amene ndakulira kuno ku Chigwa cha Shire ndipo ndimalima ndekha.

Pa ndondomeko imeneyi boma silipereka ndalama m'manja mwa mlimi. Kuyambira mu 2005, pamene malemu Bingu wa Mutharika anayambitsa makuponi, mlimi amalipira gawo lochepa la mtengo, ndipo gawo lotsalalo boma limalipira kwa wogulitsa. Mu 2020, ndondomekoyi itasintha dzina n'kukhala AIP, makuponi anatha, anthu anayamba kugula ndi chiphaso cha unzika, thumba limodzi pa K4,495. Patapita zaka ziwiri mtengowo unafika pa K15,000. Choncho ndalama za mayi anu zili m'mbuzi zimene zili m'kholamo.

Mbuzi zinayamba kuperekedwa m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje mu nyengo ya 2021/22, ndipo ine sindiona kuti kumeneku kunali kutinyoza. Mvula ya kuno ndi yochepa ndiponso imadula msanga, dzuwa limawotcha, moti chimanga cha kumunda chimafota chisanamasule, ngakhale mutathira feteleza matumba awiri. Makolo athu ankadalira mapira, mchewere ndi thonje chifukwa ankaidziwa nthakayi. M'madimba a m'mbali mwa Shire madzi osefukira amasiya nthaka yachonde, ndipo ambiri amakolola bwino osathira kanthu. Tisabisane, ena mwa ife tinkagulitsa feteleza wathu kwa mavenda tsiku lomwelo, iwo n'kukwera naye Thabwa kukagulitsa kumtunda. Mbuzi yaikazi imaswa, imalipirira mwana sukulu, ndipo chaka cha njala mumasinthanitsa ndi chimanga.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ndondomeko yonseyi imayendera nyengo ya mvula ya kumtunda, pomwe chakudya chathu chenicheni chimachokera ku ulimi wa m'madimba, madzi akaphwa cha mu Epulo ndi Meyi. Namondwe wa Freddy atakokolola minda mu Malichi 2023, anthu a ku Makhanga anafunikira mbewu ya chimanga chocha msanga, nyemba ndi mbatata nthawi yomweyo, osati mu Novembala. Komanso kupereka mbuzi popanda katemera ndi alangizi a ziweto okwanira kumachititsa kuti zina zife zisanaswe n'komwe, zomwe ndinaziona ndi maso anga m'mudzi mwathu.

Ngati mukukayikabe, pitani ndi mayi anu ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lawo, mutenge chiphaso chawo, mupemphe mlangizi akuonetseni chimene chinalembedwa pa dzina lawo komanso chiwerengero cha mbuzi zimene ankayenera kulandira. Zikasiyana ndi zomwe analandira, kadandauleni kwa a komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi kwa mkulu wa zaulimi ku khonsolo ya Chikwawa. Ndipo chonde muwauze asamapereke chiphaso chawo kwa munthu aliyense amene akuti awagulira, ngakhale atabwera m'dzina la amfumu.