Space ya T/A aliyense, kapena ya wopereka thandizo aliyense?

Wowerenga wina wa ku Bangula wanditumizira imelo. Bungwe lawo laling'ono limakonza mijigo ndi kumanga zimbudzi za pasukulu ku Nsanje ndi ku Chikwawa, ndipo ayamba kugwiritsa ntchito ClickUp, pulogalamu ya pa intaneti yosanjira ndi kulondolera ntchito. Akufunsa ngati atsegule Space (chigawo chachikulu cha ntchito mu ClickUp) ya T/A aliyense kapena ya wopereka thandizo aliyense.

Achimwene, zonse ziwirizo musachite.

Mu ClickUp zinthu zimatsika motere: Workspace, Space, Folder, List, kenako Task. Workspace ikhale imodzi, ya bungwe lonse. Ma Space muwapereke ku ntchito zosatha: Mijigo, Zimbudzi, Za mu ofesi. Ntchito iliyonse ili ndi kayendedwe kake. Mjigo umanenedwa ndi komiti ya m'mudzi, makaniko amakauona, mumadikira marabala kapena mapaipi a pampu ya Afridev, kenako wakonzedwa. Chimbudzi sichiyenda choncho. Masitepe amenewa mukawalemba ngati ma status pa Space, ma Folder ndi ma List apansi pake amangotengera okha, simuvutika kulembanso.

Wopereka thandizo amabwera, ndalama zake zikatha n'kupita, koma mjigo wa kwa Mbenje uli pompo ndipo udzawonongekanso. Mukamumangira wopereka thandizoyo Space, mbiri ya mjigowo idzatsala m'chipinda chimene palibe akulowamonso. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa makaniko watsopano amayamba kufufuza vuto limene mnzake analipeza kale. Dzina la woperekayo likhale tag basi, kachizindikiro komata pa Task.

Maboma awiriwo akhale ma Folder, ma T/A akhale ma List. Paja Ngabu aliko ku Chikwawa, alikonso ku Nsanje. Folder ndiyo ikusiyanitsireni. Mjigo uliwonse ukhale Task imodzi, dzina la mudzi patsogolo.

Onjezani tag ina ya "tsidya". Mlolo ali ku Nsanje, Makhuwira ku Chikwawa, koma onse ali kummawa kwa Shire, ndipo madzi akasefukira mavuto awo a mayendedwe ndi amodzi. Mukukumbukira mu March 2023, namondwe Freddy atadula njira ya ku Makhanga, kwa Mlolo. Nthawi ngati imeneyo mumafuna mijigo yonse ya tsidyalo ioneke pamodzi msanga.

Musazamitse kuposa apa. Wantchito wanu ali pa mjigo dzuwa likuswa mtengo, manja ali girizi, netiweki ikubwerabwera. Akatsegula kanayi osaupeza mjigowo, abwerera ku WhatsApp, ndipo lipoti lake lisowa pakati pa mauthenga a maliro ndi moni wa m'mawa. Musanauze onse, mpatseni foni makaniko mmodzi apeze yekha mjigo wa m'mudzi mwake inu mukuona.