Boti la bambo anu lili pansi pa mango, mulikonze kapena ayi?

Lachiwiri usiku ndinalandira imelo yochokera kwa achemwali ena a ku Lilongwe. Bambo awo anamwalira zaka zinayi zapitazo ndipo anasiya boti la faiba ku Senga Bay, lokhala ndi injini ya Yamaha ya mahosi 40. Lakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira nthawi ya maliro, ndiye akufunsa ngati kulikonza kungapindule. Nditaiwerenga tulo tinandithawa, chifukwa njira imeneyi ndinayendamo ine.

Achemwali, pepani kaye ndi imfa ya bambo. Ndiloleni ndiyambe ndi nkhani ya malume anga.

Malume anali ndi boti ku Cape Maclear. Ankatengera alendo ku chilumba cha Thumbi kukaona nsomba za mbuna, pobwerera n'kumaimba likhweru, kuponya nsomba m'madzi kuti nkhwazi itsike idzatole. Tchuthi chilichonse ndinkakhala kutsogolo kwa boti limenelo, nditagwira chingwe cha nangula. Atamwalira, boti linakokeredwa kumtunda n'kuvundikiridwa ndi lona. Lonayo inang'ambika dzinja loyamba lomwe, ndipo kwa zaka zisanu madzi a mvula ankadikha m'kati, masamba n'kumaolera momwemo. Mu 2022 ndinauza akumudzi kuti ndilidzutsa.

Ndinayamba ndi penti. Ndinalipala ndi sandipepa masiku atatu, manja mpaka matuza, ndinalipaka mtundu wa buluu womwe malume ankaukonda, ndinalembanso dzina lake pambali. Anthu odutsa ankaima n'kumati laoneka ngati latsopano. Kenako ndinaitana makaniko. Anasintha mapulagi, anatsuka kabyuleta, anamiza mwendo wa injini m'diramu la madzi, n'kukoka chingwe. Ulendo wachisanu ndi chimodzi inalira. Utsi uja wa petulo wosakaniza ndi oilo utandifika m'mphuno, misozi inangotsika yokha, chifukwa ndi fungo lomwe malume ankabwera nalo kunyumba madzulo.

Tinalilowetsa m'madzi mu Julayi, nyengo ya mwera. Sitinapite kutali. Funde lachitatu litamenya, ndinamva phokoso ngati nsungwi ikuthyoka, ndipo nditacheuka ndinaona injini yapendekera kumbuyo, madzi akulowa pa mng'alu wautali ngati dzanja. Tinabwerera pang'onopang'ono, mnyamata amene ndinali naye akukapa madzi ndi chigubu chodula. Pagombe mkulu wina wokhoma maboti anatenga sikuludiraiva, analowetsa pabowo la bawuti yogwira injini, ndipo inangolowa yonse osalimbana ndi kanthu. Atasolola panatuluka zinthu zakuda, zonyowa, zonunkha ngati gaga woola. Limenelo linali thabwa la pulayi lomwe limakhala m'kati mwa faiba kumbuyo kwa boti, lomwe limanyamula kulemera ndi mphamvu yonse ya injini. Faiba siwola, n'chifukwa chake boti limaoneka labwino kunja. Koma madzi akalowera m'mabowo a mabawuti, thabwa la m'kati limatha mwakachetechete, ndipo penti yanga inangophimba matendawo.

Ndikanasiyira pomwepo bwenzi zili bwino. Koma mtima unkati ndawononga kale zambiri, ndisiyirenji panjira. Tinang'amba kumbuyo konse, kugula pulayi wosaopa madzi, rezini (guluu womatira faiba) ndi nsalu ya faiba. Titang'amba tinapezanso kuti matabwa a pansi pa pomwe timaponda nawonso anafumbwa. Zipangizo zonsezi n'zochokera kunja, ndipo Kwacha inali itagwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo umene wakuuzani wogulitsa lero, mukabwera ndi ndalama mwezi wamawa mupeza wasintha. Giya la injini linafunika masilo atsopano (timalabala totseka kuti madzi asalowe), ndinadikira miyezi iwiri kuti munthu abwere nawo kuchokera ku Joni, ndipo atafika anali a injini ina.

Apa ndiye ndiyankhule mosabisa. Aliyense amene akukuuzani kuti mukonze boti lakale kuti mudzagulitse mupeze phindu, akukunamizani kapena sanakonzepo. Wogula sawerengera thukuta lanu. Amayang'ana zaka za boti ndi injini basi. Ndipo ena amene amalimbikitsa kuti "lingofunika pang'ono ili" ndi omwewo amene adzalandire ndalama ya ntchitoyo. Sindikunyoza amakaniko onse, pali ena m'mbali mwa nyanja muno odziwa injini ndi khutu lokha, koma munthu amene akupatsani mtengo asanatsegule kalikonse musamukhulupirire.

Si ife anthu wamba tokha amene timagwa m'mbuna imeneyi. Ku Monkey Bay kuli sitima ya Chauncy Maples, yomwe inapangidwa ku Glasgow mu 1899, inabwera zidutswazidutswa, n'kuyamba kuyenda panyanja yathu mu 1901. Inatchedwa dzina la bishopu wa Anglican amene anamira m'nyanja yomweyi mu 1895. Anthu akufuna kwabwino anasonkha ndalama zambiri ku Britain kuti aikonze ikhale chipatala choyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja, koma chipatalacho sichinayende. Pomwe Ilala, yomwe inayamba ntchito mu 1951, yatumikira anthu a ku Likoma ndi Nkhata Bay zaka zonsezi, ikumapita kokonzedwa n'kubwereranso. Ine ndimaona kuti chombo chimene chikugwira ntchito chimaonetsa vuto lake likadali laling'ono, pomwe chongokhala chimaola paliponse nthawi imodzi. Boti la bambo anu lakhala zaka zinayi.

Chinanso chomwe sindinachiganizire: ndimakhala ku Blantyre. Boti litatha, ndani aziliyendetsa, ndani azilisunga, petulo wake achokera kuti? Inu muli ku Lilongwe, Senga Bay ndi ulendo wa maola awiri kapena kuposerapo. Mukalikonza n'kumapitako kawiri pachaka, libwerera pansi pa mango pomwepo.

Zoti muone musanatulutse ndalama

Pitani ndi munthu wodziwa maboti amene sadzagwira ntchitoyo, mumulipire ya tsiku limodzi. Agogode kumbuyo konse ndi kahamala: pabwino pamalira mwakuthwa, poola pamalira ngati chigubu. Amasule bawuti imodzi aone chotuluka, apondeponde pansi ngati sipakunyenya. Pa injini ayeze kompuleshoni (mphamvu yopanikiza mpweya) ya masilinda onse, manambala asasiyane kwambiri. Atsitse oilo wa m'giya, akatuluka ngati mkaka ndiye kuti madzi akulowa. Impela (kagudumu kokankha madzi) ya pampu ya madzi ingosinthani, labala wake amauma akakhalitsa, ndipo injini isalizidwe pouma ngakhale kamphindi. Mufunsenso ngati injiniyo inayendapo m'nyanja ya mchere, monga ku Beira kapena Durban, chifukwa zoterozo zimadyeka m'kati. Mapepala a boti ku Marine Department ndi malaifi jaketi muwawerengere pamodzi ndi zonsezi.

Yankho langa ndi ili. Kumbuyo kukakhala kolimba, injini ili ndi kompuleshoni, ndiponso pali wachibale wodalirika ku Salima woti aziliyendetsa sabata ndi sabata, likonzeni, koma mulembe papepala ndalama yomwe simudzapyola, mupatse wina asunge pepalalo. Chimodzi mwa ziwirizo, boti kapena injini, chikakhala chakufa, gulitsani chamoyocho. Zonse zikakhala zakufa, musayambe n'komwe.

La malume ndinaligulitsa chaka chatha kwa asodzi a usipa, pa mtengo wosafika theka la zomwe ndinalowetsamo. Anachotsa mipando, anaikamo injini yawo ya mahosi 15, ndipo limapita panyanja usiku uliwonse wopanda mwezi. Ndinasunga nangula yekha, ali pakhonde panga. Achemwali, mukapita ku Senga Bay mundilembere, mundiuze chomwe sikuludiraiva yatulutsa pabowo la bawuti lija.