Laputopu yanu sinafe achemwali, musathamangire kugula ina

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zanga, nde ndati ndiyankhe poyera chifukwa funso lawo likuvutitsa anthu ambiri. Mwachidule nkhani yawo ili motere. Ali ndi laputopu yomwe anagula mu 2016, ya Core i5, RAM 4GB, Windows 10. Imachedwa kuyaka moti amayamba kaye ntchito zina podikira, ndipo pano ikumawauza kuti Windows 10 yatha nthawi yake koma Windows 11 singalowe pa makina amenewa. Alamu awo akuti "ikani Linux basi" (Linux ndi pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows), mnzawo wa kuntchito akuti "yakalamba imeneyo, gulani ina", pomwe mwana wawo wamkulu akuti aisiye choncho angoikamo antivirus. Ntchito zawo ndi Word, Excel, Zoom, kulowa ku banki pa intaneti komanso kusunga zithunzi za ana. Akufunsa kuti mwa atatuwa amvere ndani.

Achemwali, zikomo pondilembera. Aliyense mwa atatuwa wagwirako mbali imodzi, koma onse akusakaniza mavuto awiri osiyana. Kuchedwa kwa laputopu ndi vuto lina, kutha kwa Windows 10 ndi vuto linanso, ndipo mukawalekanitsa muona kuti zinthu sizinafike poipa mmene mukuganiziramu.

Tiyambe ndi kuchedwako. Ine ndikukayikira kwambiri hard disk yanu, osati purosesa. Malaputopu ambiri a nthawi imeneyo ankabwera ndi hard disk yakale ija yokhala ndi timbale tozungulira mkati, nthawi zambiri maulendo 5400 pa mphindi, ndi kankono kamene kamathamanga uku ndi uku kufunafuna fayilo. Windows ikamayaka imafuna timafayilo ting'onoting'ono masauzande tomwazikana paliponse, nde kankonoko kamangoti apa, apo, apa, purosesa ili chete kudikirira. SSD, disk ya mtundu watsopano yomwe imalowa m'malo mwa hard disk, ilibe chozungulira chilichonse, ndi tchipisi tokha ngati ta mu flash, ndipo ngakhale ya wamba imawerenga pafupifupi 500MB pa sekondi pomwe hard disk ya laputopu imavutikira kupitirira 100. Koma kusiyana kwenikweni kuli pa timafayilo ting'ono tija, pamenepo SSD imaisiya kutali zedi. Kuti mutsimikize dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager ikatseguka pitani pa Performance, muone ngati palembedwa HDD, kutanthauza hard disk yakale ija, komanso ngati disk ikungokhala pa 100% inu musakuchita kalikonse. Mukaona zimenezo ndiye wakuba tamugwira.

RAM ndi malo omwe kompyuta imasungamo zomwe ikugwira nthawi imeneyo, ndipo 4GB nayo ndi yochepa masiku ano, Chrome yokha ndi Zoom zimaimaliza, ndipo ikadzadza kompyuta imayamba kubwereka malo pa hard disk yochedwa ija, mpamene mumaona mausi ikufiriza. Mukaikweza kufika 8GB mupuma. Kungoti malaputopu ena opyapyala RAM yawo inawotcheredwa pa bodi, nde katswiri atsegule aone kaye musanagule kanthu. Atatsegula choncho apukutenso fumbi pa fani, chifukwa purosesa ikatentha imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse.

Ndaonapo anthu ambiri akutaya mtima ndi makina abwinobwino chifukwa cha hard disk yokha, zimandipweteka ndithu, chifukwa munthu amapita kukagula ina poganiza kuti yake yakalamba chonsecho chokalamba ndi kachipangizo kamodzi kosinthika ndi sikuludalaiva.

Tsopano za Windows. Windows 10 inatuluka mu Julayi 2015, ndipo Microsoft inasiya kuipatsa ma apudeti aulele a chitetezo pa 14 Okutobala 2025. Izi sizikutanthauza kuti laputopu izima kapena mafayilo asowa, ayi, iyaka bwinobwino ngati kale. Chomwe chasintha nchakuti ming'alu yatsopano ikapezeka mu Windows, palibenso wobwera kudzaimata. Apa mpamene ndikusiyana ndi mwana wanu. Antivirus ali ngati mlonda wa pakhomo amene amayang'ana nkhope za obwera, koma khoma lakuseri likang'ambika mlondayo samanga khoma, si ntchito yake. Kumbukirani vayirasi ya WannaCry ya mu Meyi 2017, ija inatseka mafayilo pa makompyuta ambirimbiri padziko lonse mpaka zipatala za NHS ku Britain zinabweza odwala. Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chake mu Malichi chaka chomwecho, ogwidwa anali amene sanachiike. Nde taganizirani makina omwe chigamba sichidzabweranso. Ndipo pakapita nthawi mapulogalamu ena nawo amachoka, mwachitsanzo Windows 7 inasiyidwa mu Januwale 2020 ndipo pofika kumayambiriro kwa 2023 Chrome nayo inasiya kuitumizira zatsopano, inathera pa Chrome 109. Inu mumalowa ku banki pa laputopu imeneyi achemwali, nde maganizo a mwanayo ngakhale ali osavuta kutsatira, sindingakulimbikitseni kukhala nawo zaka.

Pali kampata kopumira. Microsoft inakonza ndondomeko yotchedwa ESU yoti anthu wamba azilandirabe ma apudeti a chitetezo mpaka pa 13 Okutobala 2026. Imafuna kuti Windows 10 yanu ikhale ya 22H2, mtundu wake womaliza, komanso mukhale ndi akaunti ya Microsoft, ndipo polembetsa pake pamaoneka mu Settings, pa Windows Update. Ngati nthawi yake ikadalipo pomwe mukuwerenga izi lembetsani, koma mudziwe kuti ndi nthawi yoti muganize bwino chabe, vuto silinathe.

Nanga bwanji Windows 11 ikukana? Inatuluka mu Okutobala 2021 ndi malamulo okhwima. Imafuna TPM 2.0, kachipangizo kosunga makiyi achinsinsi, imafuna Secure Boot, njira yoteteza kompyuta pamene ikuyaka, ndipo purosesa ikhale ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita mtsogolo kapena AMD Ryzen 2000 kupita mtsogolo, kupatula zochepa chabe. M'badwo wa 8 unayamba mu 2017, nde yanu ya 2016 iyenera kuti ndi ya 6 kapena 7. Muona pa nambala, ngati palembedwa i5-6200U ndi wa 6, i5-7200U ndi wa 7, nambala yoyamba pambuyo pa kamzereko ndi imene ikunena. Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi makina a 2018 kapena 2019 koma akukananso, musafulumire kudandaula, kawirikawiri TPM imakhalamo koma inazimitsidwa mu BIOS, menyu ija yotsegulidwa kompyuta ikamayaka Windows isanalowe, pa Intel imatchedwa PTT pa AMD fTPM, mukaiyatsa basi zatheka. Kapulogalamu ka PC Health Check kamanena chenicheni chomwe chikusowa.

Kunena chilungamo ine lamulo la purosesali silinandisangalatse. Za TPM ndikuzimvetsa, chitetezo nchofunika, koma mzerewu unadula makina ambiri amphamvu zokwanira ntchito za tsiku ndi tsiku. Lipoti la mabungwe a United Nations linati mu 2022 dziko lapansi linataya zinyalala za zamagetsi zokwana matani 62 miliyoni, ndipo zomwe zinalembedwa kuti zakonzedwanso moyenera sizinafike ngakhale kota. Laputopu iliyonse yotayidwa ikugwirabe ntchito ikupita pa mulu umenewo.

Ena akuuzani kuti pali njira yokakamiza Windows 11 kulowa pogwiritsa ntchito kapulogalamu ka Rufus. Ndi zoona zimatheka, ndipo nthawi zambiri imayenda. Koma Microsoft inanena poyera kuti makina otere sakulonjezedwa ma apudeti, ndipo apudeti yaikulu ya pachaka ija mwina muzichita kuiika pamanja. Kwa munthu wokonda kusewera ndi makompyuta palibe vuto, koma kwa inu amene mukungofuna kutsegula Excel ntchito iyende, sindikufuna mukhale ndi makina oti chaka chilichonse muzisaka munthu wokukonzerani.

Tibwere kwa alamu anu, chifukwa apa mpomwe pali mkangano waukulu. Iwo ali ndi mfundo yabwino, chomwe ndikukana ndi mawu oti "basi" aja. Linux si chinthu chachilendo kapena choseweretsa, anaiyamba Linus Torvalds mu 1991 ndipo lero ndi imene ikuyendetsa maseva ambiri a intaneti, ngakhale foni ya Android pansi pake pali Linux. Kwa munthu wochokera ku Windows ine ndimasankha Linux Mint, yomangidwa pa Linux ina yotchedwa Ubuntu, chifukwa maonekedwe ake ndi ozolowereka, menyu pansi kumanzere, wotchi kumanja, mafoda mmene mumawadziwira. Mint 22 izilandira ma apudeti mpaka 2029, ndi yaulele, ndipo pa i5 yanu yokhala ndi SSD ithamanga mosangalatsa. Chrome ndi Firefox zilipo, Zoom ili ndi pulogalamu yake ya Linux, ku banki mulowa pa browser ngati kale, zithunzi zitseguka.

Pomwe pali minga ndi pa Word ndi Excel. Microsoft Office yoika pa kompyuta ija kulibe ku Linux. Mint imabwera ndi LibreOffice, yomwe imatsegula ndi kusunga mafayilo a docx ndi xlsx, ndipo pa kalata, malipoti wamba ndi matebulo owerengera ndalama imakwana ndithu. Koma ngati mumatumizirana ndi anzanu a kuntchito mafayilo okhala ndi matebulo ovuta, mafonti apadera kapena ma macro a Excel, timapulogalamu tochita ntchito tokha mkati mwa fayilo, muzaona zinthu zikusuntha, tsamba limodzi lasanduka awiri, macro yakana, ndipo mnzanu akatsegula kwake azidabwa kuti mwapanga bwanji. Pali Word ndi Excel za pa browser zomwe zimayenda pa Linux, koma zimafuna intaneti ndipo zilibe zonse. Amene amadalira Photoshop kapena pulogalamu ya akaunti ya Windows yokha, kwa iwo nkhani ndi yovutirapo.

Izi ndikunena chifukwa ndinalakwitsapo. Zaka zapitazo ndinaikira m'bale wanga Linux ndili ndi chimwemwe chonse, osamufunsa bwinobwino kuti tsiku lake la ntchito limayenda bwanji, ndipo patangopita masiku awiri zinadziwika kuti pulogalamu yomwe ankalembera ma invoice inali ya Windows yokha. Anataya masiku a ntchito chifukwa cha ine ndipo mpaka lero ndikakumbukira zimandimvetsa chisoni. Kuyambira pomwepo ndimafunsa kaye kuti munthu amatsegula chani kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndisanatchule dzina la Linux.

Ubwino wake simukuyenera kulumphira m'madzi musanawayeze. Apempheni alamuwo aike Mint pa flash, muyatse laputopu kuchokera pa flashyo osainstola, Windows yanu ndi mafayilo sizikhudzidwa. Mukatero yesani Wi-Fi, kamera, maikolofoni, printa ngati muli nayo, kenako tsegulani mafayilo anu enieni a kuntchito, osati oyeserera, makamaka a Excel ovuta kwambiri aja. Izichedwerapo chifukwa ikuyendera pa flash, musaiweruze pa liwiro. Chinanso chosavuta kuposa apa, LibreOffice iliponso ya Windows, nde mutha kuiika lero lomwe nkugwira nayo ntchito sabata ziwiri muone ngati mukugwirizana nayo. Ndipo muwafunse alamuwo mosapsatira ngati azidzayankha foni zinthu zikavuta miyezi yoyambirira, chifukwa woika Linux nkusowa ndi amene amapangitsa anthu kudana nayo.

Mnzanu wa kuntchito angakhale wolondola pa zifukwa zochepa. Ngati bodi ili ndi vuto, mahinji athyoka sikirini ikulendewera, kapena ntchito yanu ikufuna Office yeniyeni ndi Windows zivute zitani, ndiye inde konzekerani ina ESU isanathe. Batire lotupa lokha si chifukwa chotayira laputopu, limasinthika, koma lichotsedwe msanga chifukwa ndi loopsa. Mukamagula musatengeke ndi chomata cholembedwa i7, chifukwa i7 yakale imagonja kwa i5 ya mibadwo yaposachedwa ndipo mwina nayonso Windows 11 ingaikane, funsani nambala yonse ya purosesa. Pewaninso tatsopano totchipa tokhala ndi RAM 4GB ndi malo a 64GB a eMMC, chosungira chochedwa kuposa SSD, timakwana pa malamulo a Windows 11 koma pakatha miyezi ingapo mudzandilemberanso imelo yomweyi. RAM iyambire 8GB, 16 ngati mungathe, ndi SSD yeniyeni. Laputopu ya muofesi yogwiritsidwapo kale ntchito ya m'badwo wa 8 kupita mtsogolo nthawi zambiri imaposa yatsopano ya pansi penipeni.

Ndikanakhala ine pa malo anu, ndikanaika SSD ndi RAM, nkulembetsa ESU, nkuyesa LibreOffice ndi Mint mosathamanga, ndipo mafayilo a kuntchito akatseguka bwino ndikanasamukira ku Mint nkuigwiritsa ntchito laputopuyo zaka zina zingapo.

Koma musanachite chilichonse mwa zonsezi, zithunzi za ana zija. Hard disk ya 2016 yazungulira zaka zambiri ndipo zimenezi zimafa osatsanzika, makamaka ngati mwayamba kumva kakuti tiki tiki mkati. Usiku uno kopelani zithunzi ndi mafayilo onse pa disk ina yakunja, ndipo zofunika kwambiri muziikenso pa Google Drive kapena OneDrive kuti zikhale malo awiri. Mukasintha nkuika SSD, hard disk yakaleyo musamusiyire wokonzayo, muli zinthu zanu zachinsinsi, itengeni muiike mu kabokosi ka USB izikhala ngati yosungira yapadera. Mukatha mundilembere nambala yonse ya purosesa ndi zomwe Task Manager yaonetsa pa disk, ndikuuzani mtundu wa SSD ndi RAM zomwe zingalowe.